Mmene Masewera a pa Tabuleti Amasinthira Mtima wa Mwana pa Masamu

Mawu oyamba

Pa maphunziro onse a ku pulayimale, palibe limene ana amalitchula mwamantha ngati masamu. Mwana akalephera mayeso a Chichewa amati, "Sindinawerenge." Akalephera masamu amati, "Ine masamu sindimatha," ndipo kawirikawiri kholo limavomereza kuti, "Watengera ife, pamtundu pathu palibe wa mutu wa masamu." Ziganizo ziwirizi n'zosiyana kwambiri. Choyambacho chikunena zimene mwana sanachite, zomwe mawa angathe kukonza. Chachiwiricho chikunena mmene mwanayo akudzionera, ndipo mwana akafika podziona chotere amaleka ngakhale kuyesa kumene.

Kwa zaka zopitirira khumi tsopano, sukulu zina za pulayimale m'dziko muno zakhala zikulandira matabuleti okhala ndi masewera ophunzitsa masamu ndi kuwerenga. Nkhani zambiri zimene timamva zokhudza makinawa zimakamba za malikisi, kuti kodi ana akukhoza kuposa kale kapena ayi. Cholinga changa m'nkhani ino ndi kuyang'ana mbali ina, yomwe ndi mtima wa mwana pa phunziroli. Ndikati mtima ndikutanthauza zinthu zitatu zimene akatswiri a kaganizidwe ka munthu amazitchula: zimene mwana amamva akaona samu, zimene amakhulupirira zokhudza nzeru zake, ndi zimene amachita samuyo ikavuta.

Mfundo yanga ndi yakuti mphamvu ya masewerawa ili pa zinthu zitatu zimene amasintha: tanthauzo la kulakwa, liwiro la phunziro, ndi chiyankhulo chimene mwana akuphunzirira. Ndionetsanso kuti kukonda tabuleti ndi kukonda masamu si chinthu chimodzi, ndipo amene amalumikiza ziwirizi ndi mphunzitsi. Zitsanzo zanga zambiri zichokera kwathu ku Mdeka, m'boma la Blantyre.

Gwero la mantha a masamu

Mdeka ndi malo a malonda amene ali pamsewu wa M1, munthu ukadutsa Lunzu ndi Lirangwe polowera ku Zalewa. Amene anaimapo pamalowa anaona ana akuthamangira galimoto ndi malambe, masawu, zitumbuwa kapena mandasi. Mtsikana wa zaka zisanu ndi zitatu amalandira ndalama yapepala kudzera pawindo la minibasi, n'kuwerengera mumtima, n'kubweza chenji yokwanira dalaivala asanachotse galimoto. Salakwitsa, chifukwa akudziwa kuti madzulo amayi ake awerenga ndalamazo. Koma mwana yemweyo, mukamulembera samu yofanana nayo pabolodi, amangoyang'ana pansi.

Zimenezi si za ku Mdeka kokha. M'chaka cha 1985, ofufuza atatu, Terezinha Carraher, David Carraher ndi Analúcia Schliemann, anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anachita pakati pa ana ogulitsa malonda m'misewu ya mzinda wa Recife ku Brazil. Anawo ankakhoza pafupifupi masamu onse akamagulitsa, koma ankalephera ambiri mwa masamu omwewo akawapatsa papepala. Choncho vuto silinali mutu wa mwana. Chinachake chimachitika pakati pa msika ndi kalasi.

Kuti timvetse chinthucho, tiyenera kukumbukira mmene makalasi athu alili. Boma la a Bakili Muluzi litayambitsa maphunziro aulere a ku pulayimale m'chaka cha 1994, chiwerengero cha ophunzira chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Chinali chinthu chabwino, koma zipinda ndi aphunzitsi sizinachuluke mofanana ndi anawo. Kuyambira nthawi imeneyo, si zachilendo kupeza mphunzitsi mmodzi ali ndi ana oposa 100 mu Sitandade 1 kapena 2. M'kalasi yotere mphunzitsi ali ndi njira zochepa. Amalemba samu pabolodi, ana n'kuyankha onse pamodzi, ndipo amene sakudziwa amangotsatira mawu a anzawo. Kapena amaitana mwana mmodzi kutsogolo. Mwanayo akalemba yankho lolakwika, kalasi yonse imaseka. Ambiri a ife timakumbukiranso mento ya m'mawa, pamene funso linkabwera mwadzidzidzi, kamtengo kali m'manja mwa aphunzitsi.

Ngakhale kuchonga kumene kumakhala ndi vuto lake. Ana amaima pamzere ndi makope awo, ndipo belu limalira ena asanafike patebulo la aphunzitsi. Mwana amene walakwa masamu asanu Lolemba angathe kudziwa zimenezi Lachitatu, ataiwala kale mmene anaganizira. Chimene amaona ndi mitanda yofiira yokha.

Apa pali mfundo ya chiyankhulo imene ndikuona kuti ndi yofunika. M'Chichewa mneni wakuti "kulakwa" amagwira ntchito ziwiri. Timati mwana walakwa samu, ndiponso timati munthu walakwa pa mlandu kapena walakwira mnzake. Wolakwa amapepesa, apo ayi amalandira chilango. Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi anayamba kumva mawu akuti "walakwa" kunyumba, ataswa mbale kapena atamenya mng'ono wake. Akawamvanso m'kalasi chifukwa cholemba 8 m'malo mwa 9, sangasiyanitse msanga kuti uku ndi kulakwa kwa mtundu wina. Kwa iye yankho losakhoza ndi mlandu.

Mantha amenewa amapatsirananso. Mu 2010, Sian Beilock ndi anzake a ku University of Chicago anapeza kuti atsikana a m'makalasi oyambirira amene ankaphunzitsidwa ndi aphunzitsi aakazi oopa masamu, pofika kumapeto kwa chaka ankayamba kukhulupirira kuti masamu ndi a anyamata, ndipo amene anakhulupirira zimenezi sankakhoza bwino. Mwana amaphunzira masamu pamodzi ndi maganizo a amene akumuphunzitsa.

Kubwera kwa masewerawa m'Malawi

Masewera amene afala m'sukulu za boma ndi opangidwa ndi bungwe la onebillion la ku London, lomwe linachokera ku kampani ya EuroTalk. Pulogalamu yawo yoyamba ya Chichewa inkatchedwa Masamu. Mu 2013, Nicola Pitchford wa ku University of Nottingham anayesa pulogalamuyi pa sukulu ya pulayimale ya Biwi ku Lilongwe. Pambuyo pake bungweli linagwirizana ndi la VSO ndi Unduna wa Zamaphunziro pa ntchito yotchedwa Unlocking Talent, imene inamanga tizipinda tapadera m'sukulu zingapo, momwe ana ankalowa m'magulu kukagwiritsa ntchito matabuleti otchajidwa ndi mphamvu ya dzuwa. Mu 2019 onebillion inapambana, pamodzi ndi gulu la Kitkit School, pa mpikisano wa Global Learning XPRIZE, mapulogalamu awo atayesedwa kwa miyezi 15 m'midzi ya m'chigawo cha Tanga ku Tanzania. Mu 2023 boma la Malawi linayambitsa ndondomeko ya BEFIT, mothandizana ndi mabungwe a Imagine Worldwide, VSO ndi onebillion. Inayambira m'sukulu 500, ndipo cholinga chimene chinalengezedwa chinali kufikira ana a Sitandade 1 mpaka 4 m'sukulu zonse za pulayimale za boma, zomwe zilipo pafupifupi 6,000.

Kugwiritsa ntchito mphamvu ya dzuwa n'kofunika kwa ife a kumudzi. Kalembera wa 2018 anaonetsa kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 alionse ndi amene ankaunikira ndi magetsi a ESCOM, ndipo ambiri mwa iwo anali a m'tauni. Kwathu magetsi amathera pafupi ndi msewu. Ukangolowa m'midzi, foni imakatchajidwa pa sitolo. Matabuletiwa safunanso intaneti kuti mwana asewere.

Kasewereredwe kake n'kosavuta. Mwana amavala mahedifoni. Pagalasi pamabwera chithunzi cha mphunzitsi wamkazi amene amayankhula Chichewa, kumuonetsa mwanayo chochita, kenako n'kumuuza kuti ayese yekha. Mwana amagwira zinthu ndi chala, kuzikoka, kuziika m'magulu, kuziwerenga. Akakhoza pamabwera chizindikiro chochonga ndi kamawu kosangalatsa. Akalakwa pamamveka kamawu kena, ndipo amayesanso. Pamapeto pa mutu uliwonse pamakhala timayeso, ndipo akakhoza mafunso onse amalandira satifiketi ya pagalasi pomwepo.

Kulakwa kopanda mboni

Kusintha koyamba, komwenso ndi kwakukulu, kuli pa kulakwa. Nditapeza mwayi woonerera ana akugwiritsa ntchito matabuleti pa sukulu ina, chimene chinandidabwitsa ndi bata. Ana amene panja amasokosa ngati mbalame za mpheta anali chete, aliyense ataweramira galasi lake. Mnyamata wina analakwa funso limodzi katatu. Palibe anaseka, chifukwa palibe anaona. Nkhope yake sinasinthe. Anangokanda kumutu, n'kuwerenganso ndi chala, kachinayi n'kukhoza.

Kulakwa kwa pa tabuleti kumasiyana ndi kwa pabolodi m'njira zitatu. Poyamba, kulibe mboni, choncho kulibe manyazi. Kachiwiri, mwana amadziwa nthawi yomweyo, maganizo amene anamusocheretsa adakali m'mutu, ndiye angathe kuwakonza. Kachitatu, sikutseka nkhani. Funso limakhalabe pomwepo kudikira kuti ayesenso. Zitatuzi zikaphatikizana, mneni uja wakuti "kulakwa" amataya tanthauzo lake la mlandu. Amayamba kufanana ndi kuphonya, monga mwana amaphonyera mbalame ndi legeni, n'kutola mwala wina.

Masewera onse ali ndi khalidwe limeneli. Palibe mtsikana amene amaleka phada chifukwa mwala wagwa, kapena kunena kuti pamtundu pawo palibe wodziwa fulaye. Pamasewera kugonja ndi mbali ya kusewerako. Chimene opanga mapulogalamuwa achita ndi kutenga mzimu umenewu n'kuulowetsa m'phunziro limene kwa zaka zambiri lakhala la chikoti ndi manyazi.

Liwiro la mwana aliyense

Kusintha kwachiwiri kuli pa liwiro. M'kalasi ya ana 100 mphunzitsi sangadikire aliyense, popeza silabasi ikumuthamangitsa. Masamu ndi phunziro lomangika ngati khoma la njerwa: mwana amene sanamvetse kuti 14 ndi khumi limodzi ndi zinayi sangamvetse chifukwa chake timati "sizingatheke, tibwereke" pochotsera. Kwathu ana amajomba pa zifukwa zambiri, monga malungo, njala ya m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, tsiku la msika, kapena mtsinje ukadzaza. Mwana akajomba sabata imodzi amapeza anzake ali patsogolo, ndipo chilichonse chimene aphunzitsi akunena chimamveka chachilendo. Apa ndi pamene ambiri amagamula kuti masamu si awo.

Pa tabuleti mwana amapatsidwa ntchito yolingana ndi pamene wafika, ndipo mphunzitsi wa pagalasi satopa kubwereza. Wochedwa kumva amayenda pang'onopang'ono popanda womukalipira, ndipo wachangu sakhala pansi kudikira anzake. Zotsatira zake n'zakuti mwana aliyense amalawako kukhoza. Mwana amene sanaonepo chizindikiro chochonga m'kope mwake amachiona kambirimbiri pa mphindi makumi atatu. Chikhulupiriro chakuti "ndingathe" sichibwera chifukwa wina wakuuza. Chimabwera munthu akadziona akutha. Akuluakulu anati tsokonombwe anatha mtunda n'kulumpha.

Chiyankhulo cha masewera

Kusintha kwachitatu, komwe kumandikhudza kwambiri monga wophunzira za ziyankhulo, n'kwakuti masewerawa amayankhula Chichewa. Ndondomeko ya chiyankhulo chophunzitsira m'dziko muno yakhala ikusinthasintha. Mu 1996 unduna unalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'ziyankhulo za makolo awo. Lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira, ndipo mu 2014 unduna unalengeza kuti zimenezi ziziyambira mu Sitandade 1. Komabe aphunzitsi a makalasi aang'ono anapitiriza kufotokoza m'Chichewa, pozindikira kuti mwana wa kumudzi amafika ku sukulu asakudziwa Chingerezi.

Masamu a ana aang'ono amadalira kwambiri mawu. Mwana asanafike pa kuphatikiza, kuchotsera, kuchulukitsa ndi kugawa, ayenera kumva mawu monga chachikulu, chaching'ono, zambiri, zochepa, zofanana, patsogolo, pambuyo, zotsala. Ngati sakumva lamulo la funso, walephera chiyankhulo, koma iye sadziwa zimenezo. Amangoona mtanda m'kope la masamu, ndipo chidani chake chimagwera masamu.

Ndinaona zimenezi pa mwana wa achemwali anga wa Sitandade 2, pamene ndinamuikira pafoni yanga kamasewera ka masamu ka m'Chingerezi. Zithunzi zinamusangalatsa, koma popeza sankamva zimene mawu akunena, anangoyamba kugwira yankho lililonse mpaka kamawu kachisangalalo kamveke. Nditayamba kumumasulira mafunsowo, anasiya kulotera n'kuyamba kuwerenga ndi zala. Kenako anati, "Amalume, kani akungofunsa zimenezi?" Masamu ake anali momwemo nthawi yonseyi, chimene chinkamutsekereza chinali chiyankhulo.

Tiyeneranso kuzindikira kuti mwana wolankhula Chichewa amakula ndi njira ziwiri zowerengera. Njira ya makolo imagwirizana ndi gulu la dzina: mwana mmodzi, mbuzi imodzi, dengu limodzi, ana awiri, mbuzi ziwiri, mitengo iwiri. Tikadutsa pa zisanu timayamba kuphatikiza: zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri, mpaka khumi. Njira ina ndi yobwereka ku Chingerezi, ya wani, thuu, sikisi, teni, imene timagwiritsa ntchito pa ndalama, pa nthawi ndi pa nambala za foni. Ngakhale liwu lakuti masamu linabwerekedwa ku Chingerezi. Anthu ena amaona njira ya makoloyo ngati yaitali ndi yotopetsa, koma ili ndi chuma chake. Mwana amene amati "zisanu ndi ziwiri" wanena kale kuti 7 ndi 5 kuphatikiza 2. Samu ili m'kamwa mwake. Mphunzitsi kapena wopanga masewera amene angamuonetse mwana zimenezi wamuuza kuti masamu si mlendo wochokera kutali.

Ubwino umenewu sufika kwa ana onse mofanana. Mwana wa ku Mdeka amamva mphunzitsi wa pagalasi ngati akumva azakhali ake. Mwana wa kumidzi ya ku Mangochi amene kunyumba amayankhula Chiyao, kapena wa ku Karonga wolankhula Kyangonde, amayamba walimbana ndi Chichewacho.

Zimene kafukufuku wapeza

Kafukufuku wa pa Biwi, amene anafalitsidwa mu 2015, anakhudza ana 318 a Sitandade 1 mpaka 3, omwe anagawidwa m'magulu atatu mwamaere. Gulu loyamba linkasewera masamu pa tabuleti kwa mphindi 30 patsiku kwa masabata asanu ndi atatu. Lachiwiri linkagwiritsa ntchito tabuleti yopanda masamu. Lachitatu linkangophunzira mwa masiku onse. Ana a Sitandade 2 ndi 3 a gulu loyamba anapita patsogolo kuposa magulu enawo, ndipo a Sitandade 3 anaonetsa luso lomwelo ngakhale pa mayeso a papepala. Gulu lachiwirilo ndi lofunika kwambiri pa nkhani yathu, chifukwa likusonyeza kuti chimene chinathandiza anawo ndi zimene zinali m'tabuletimo. Chisangalalo chongogwira makina achilendo pachokha sichinaphunzitse masamu.

Kafukufuku ameneyu ankayeza kukhoza, koma zina zimene zinatuluka pambuyo pake zimakhudza mtima mwachindunji. Mu 2019, Pitchford ndi Laura Outhwaite anaonetsa kuti ana amene anasewera masamuwa anawonjezeranso luso lawo loika chidwi pa ntchito. M'chaka chomwecho Pitchford, Antonie Chigeda ndi Paula Hubber anafalitsa zimene anapeza pa nkhani ya anyamata ndi atsikana m'sukulu za m'Malawi. M'makalasi ophunzira mwa masiku onse, anyamata ankayamba kusiya atsikana m'mbuyo pa masamu kuyambira mu Sitandade 1. Pakati pa ana amene ankagwiritsa ntchito masewerawa, atsikana ankapita patsogolo mofanana ndi anyamata. Kwa ine tanthauzo lake n'lomveka. Tabuleti siitana anyamata okha kubolodi, sidziwa kuti mtsikana ayenera kukhala wamanyazi, ndiponso sinamvepo zoti masamu ndi a amuna.

Kunja kwa dziko lino alipo amene anayeza mtima weniweniwo. Mu 2008, Fengfeng Ke wa ku America anafalitsa zotsatira za ana a pulayimale amene anasewera masamu pa kompyuta kwa masabata asanu. Anawo anayamba kukonda masamu kuposa kale, koma malikisi awo sanasinthe kwenikweni. Izi zikutiphunzitsa kuti kukonda ndi kukhoza ndi mapasa amene sabadwa tsiku limodzi nthawi zonse.

Chikomekome cha mkuyu

Ngakhale zili choncho, sitiyenera kutengeka. Chenjezo loyamba ndi lakuti makina paokha saphunzitsa. Dziko la Peru linagawa makompyuta ang'onoang'ono zikwi mazanamazana kwa ana a sukulu pa ntchito ya One Laptop per Child. Kafukufuku wa banki ya Inter-American Development Bank wa mu 2012, amene anachitika m'sukulu 319 za kumidzi, sanapeze kusintha pa malikisi a masamu kapena a chiyankhulo. Ana anadziwa kugwiritsa ntchito kompyuta, koma munalibe maphunziro okonzedwa bwino otsatana ndi silabasi.

Chenjezo lachiwiri likukhudza mphotho. Mu 1973, Mark Lepper, David Greene ndi Richard Nisbett anachita kafukufuku pa ana a sukulu ya mkaka amene ankakonda kujambula. Ana amene analonjezedwa satifiketi akajambula, pambuyo pake anachepetsa kujambula mwa kufuna kwawo poyerekeza ndi anzawo amene sanalonjezedwe kanthu. Mphotho inalanda malo a chikondi. Choncho tiyenera kufunsa ngati mwana akuthamangira ku tabuleti chifukwa cha masamu kapena chifukwa cha kamawu kosangalatsa ndi satifiketi. Yankho limadalira kapangidwe ka masewerawo. Jacob Habgood ndi Shaaron Ainsworth mu 2011 anayerekeza mitundu iwiri ya masewera amodzi ophunzitsa kugawa. Mu mtundu woyamba, kugawa kunali njira yeniyeni yogonjetsera adani. Mu wachiwiri, mwana ankasewera kaye, kenako n'kuyankha mafunso a masamu. Ana anaphunzira zambiri pa mtundu woyamba, ndipo atapatsidwa ufulu wosankha anausewera nthawi yaitali kwambiri kuposa winawo. Masewera amene amaika masamu ngati msonkho wolipira kuti upitirize kusangalala amaphunzitsa mwana kuti masamu ndi mbali yowawa.

Chenjezo lachitatu ndi la nthawi. Mwana amakhala ndi tabuleti kwa mphindi zowerengeka, ndipo tsiku lonse lotsala amakhala m'kalasi ija ya bolodi ndi choko. Ngati pa tabuleti kulakwa n'kololedwa koma m'kalasi kukadali mlandu, mwana adzaphunzira kuti pali masamu a mitundu iwiri, okoma a pagalasi ndi owawa a m'kope. Mayeso a Sitandade 8 amalembedwa papepala, ndipo kusekondale kumene mwanayo akupita akakumana ndi bolodi lomwe lija.

Pomaliza, pali chinthu chimene tabuleti singachite. Imadziwa ngati yankho lili lolondola, koma singamufunse mwana kuti, "Wapeza bwanji?" n'kumvetsera. Mwana wovala mahedifoni amaphunzira ali chete ndiponso ali yekha, pamene mbali yaikulu ya kumvetsa masamu imabwera munthu akamafotokozera mnzake mmene waganizira. Tisaiwalenso kuti makina amawonongeka, mabatire amatha mphamvu, ndipo ntchito yambiri yotere yayenda ndi thandizo la ndalama zochokera kunja. Mtima wa mwana umene wamangidwa pa makina okha udzagwa tsiku limene makinawo adzazime.

Bawo ndi phada

Njira yotetezera zimenezi tili nayo kale m'midzi mwathu. Pansi pa mitengo ya pa Mdeka, monga m'malo ena onse a malonda, abambo amasewera bawo. Bawo ili ndi maenje 32 m'mizere inayi, ndi nkhomo 64. Katswiri asanagwire nkhomo amakhala atawerengera kale kumene yomaliza ikagwere, ndiponso zimene mnzake adzachite pobwezera. Mmenemo muli kuwerenga, kuphatikiza, kugawa ndi kuona patali. Atsikana pa phada amatulutsa miyala m'kadzenje n'kuibweza, kusiya umodzi, kenako iwiri, kenako itatu, zomwe ndi kuchotsera. Komabe osewerawo mukawafunsa, ambiri adzakuuzani kuti masamu anawakanika.

Ofufuza a ku America, Geetha Ramani ndi Robert Siegler, anaonetsa mu 2008 kuti masewera wamba a pathabwa, oyendetsa kanthu pa nambala zondandalikidwa kuyambira 1 mpaka 10, anathandiza ana a m'mabanja osauka kumvetsa kukula kwa nambala. Munalibe magetsi kapena galasi. Choncho zimene zimasintha mtima wa mwana pa tabuleti, monga kuyesanso popanda manyazi, kudziwa zotsatira nthawi yomweyo ndi kusewera m'chiyankhulo chako, zimapezekanso pa bawo yokumba pansi. Mphunzitsi wa luso angathe kutenga zimene ana aona pagalasi m'mawa, n'kuzibwereza ndi timiyala, timitengo kapena zitsekerero za mabotolo, ana ali awiriawiri, akufotokozerana. Angathenso kuwauza poyera kuti chenji imene amabweza pamsewu ndi masamu enieni.

Mawu omaliza

M'nkhani ino ndayesa kuonetsa kuti mantha a masamu sabadwa ndi mwana. Amamera m'kalasi yodzaza, mmene kulakwa kumachitika pamaso pa anthu, phunziro limathamanga, ndipo nthawi zina chiyankhulo chimakhala chachilendo. Masewera a pa tabuleti opangidwa bwino amachotsa zitatuzi kwa kanthawi, ndipo kafukufuku wa m'Malawi momwe muno waonetsa kuti ana amapita patsogolo, amaika chidwi, ndiponso atsikana satsalira. Ndaonetsanso kuti phinduli lili ndi malire, ndipo limadalira zimene mwana amapeza akavula mahedifoni.

Pali zinthu zitatu zimene ndikupempha. Aphunzitsi aphunzitsidwe kulumikiza za pa tabuleti ndi za pabolodi, ndiponso kulandira yankho losakhoza ndi mawu akuti "yesanso" kapena "tiuze mmene waganizira". Makolo aleke kunena pamaso pa ana kuti pamtundu pawo palibe wa masamu. Ife ophunzira ziyankhulo tili ndi gawo lathu: masewerawa amafuna anthu odziwa kusankha mawu a Chichewa, Chiyao, Chitumbuka, Chisena ndi ziyankhulo zina amene mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi angamve msanga. M'mera mpoyamba. Mwana amene wafika mu Sitandade 5 akukhulupirira kuti samu ikakana amayesanso, watenga kanthu kamene adzakhala nako ngakhale tabuleti itabwezedwa m'bokosi.